MALAŴI A M'MLENGALENGA NDI MOTO WA PABWALO

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Njewa, chisanu chimayamba kuluma, chimanga chimakhala chitaloŵa m'nkhokwe, ndipo utsi wa osaka mbeŵa umaoneka uku ndi uku m'minda. Nthaŵi yomweyo ku Ulaya kumakhala kukutentha, dzuŵa limachedwa kuloŵa, ndipo mizinda ya m'mphepete mwa nyanja m'dziko la Spain imayamba zikondwerero zake za makombola. Kale nkhani zotere tinkangozimva kwa oyenda kapena kuziona pa zithunzi za m'magazini. Lero mnyamata wogulitsa mayunitsi pa Nsaru, kapena mtsikana wa sekondale pa Namitete, amaziona pa foni ya m'manja usiku womwewo zikuchitika. Akaona thambo lonse lachita maluŵa a moto, ofiira, obiriŵira ndi achikasu, nyanja ikunyezimira pansi pake ngati galasi, mawu amene amatuluka ndi akuti anzathu ndiwo amadziŵa kusangalala, kuno kwathu kulibe kanthu.

Mawu ameneŵa tifuna kuwaika pa sikelo, chifukwa mwezi wotsatira, pa 6 Julayi, ifenso timakhala ndi tsiku lathu lalikulu, ndipo chaka ndi chaka pamabuka mkangano umodzimodzi. Ena amati boma lisamataye ndalama pa madyerero anthu akugona ndi njala. Ena amati mtundu wosadziŵa kukondwera ndi mtundu wakufa. Mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo. Komabe mkanganowu umathera pa ndalama zokha, ndipo funso lalikulu limatsala losafunsidwa: kodi chikondwerero chabwino timachizindikira ndi chiyani? Kuti tiyankhe, tiyambe taona bwino zimene anzathu a ku Spain amachita, kuyambira pa mphindi imodzi ya pa foni ija kubwerera m'mbuyo mpaka ku chaka chonse chimene chimabala mphindiyo.

Chaka chonse cha usiku umodzi

Mzinda wa Alicante uli m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Chikondwerero chake chachikulu chimachitika kuyambira pa 20 mpaka pa 24 Juni, pokumbukira kubadwa kwa Yohane Woyera Mbatizi, ndipo eni ake amachitcha Hogueras de San Juan, ndiye kuti moto wa Yohane Woyera. Mwambo wosonkha moto pa nyengo imeneyi ndi wakale kwambiri pakati pa anthu a ku Ulaya, pakuti ndipo pamene usana umatalika kuposa masiku ena onse a chaka. Anthu ankatulutsa mipando yothyoka ndi zinthu zina zakutha nkuzitentha pamphambano. M'chaka cha 1928 akuluakulu a mzindawo anaulandira mwambowo nauika m'dongosolo, ndipo kuyambira pamenepo dera lililonse la mzinda lili ndi komiti yake.

Komiti imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse, ngakhale kuti pa foni sioneka. Ndi anthu wamba a m'deralo, oyandikana nyumba, amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kupempha kwa eni masitolo ndi kukonza timaphwando topezera thandizo, mpaka atapeza zokwanira kulemba mmisiri. Mmisiriyo amawapangira chifanizo chachikulu cha matabwa ndi makatoni, chotalika ngati mtengo wa bulugamu, chozunguliridwa ndi tizidole tambiri. Tizidole timeneti si tokongoletsa chabe. Timaseka andale osakwaniritsa malonjezo, olemera aumbombo, kukwera mtengo kwa zinthu, ndi zopusa zonse zimene mzinda waona m'chakacho. Chifanizocho chimaima pamsewu masiku oŵerengeka, anthu akudya ndi kuvina m'mbali mwake. Tsono pakati pa usiku wa pa 24 Juni, kombola lalikulu loyera limaphulika pamwamba pa phiri la Benacantil, pamene pali linga lakale la Santa Bárbara, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro. Zifanizo zija zimayatsidwa, ozimitsa moto ataima pafupi ndi mipope yawo, kuthira madzi makoma a nyumba ndi khamu lomwe. Tizidole toŵerengeka tokha, timene anthu atisankha mwa voti, nditimene timapulumuka nkukasungidwa. Masiku otsatira mpamene pamakhala mpikisano wa makombola kugombe, umene ife timauona pa foni nkumayesa kuti ndiwo chikondwerero chonse.

Kumpoto kwa dzikolo, mumzinda wa San Sebastián, amakondwera sabata yathunthu pafupi ndi pa 15 Ogasiti, tsiku lokumbukira kutengedwa kwa Maria kumwamba. Usiku uliwonse akatswiri a kampani ina, ya m'dzikomo kapena yakunja, amaonetsa luso lawo pamwamba pa doko la La Concha. Mpikisano umenewu unayamba mu 1964, chaka chomwecho chimene ife tinalandira ufulu wodzilamulira. Chofunika kuchisunga m'mutu ndi ichi: palibe chipata choloŵera. Agogo amabwera ndi adzukulu awo, wolemera amaonera pakhonde la hotela, wosauka amakhala pamchenga, ndipo onse amaona thambo limodzimodzi.

Tisanamizane, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Anthu a m'mizinda imeneyi amadandaula za phokoso losagonetsa odwala ndi makanda, za utsi, za ziŵeto zothaŵa ndi mantha, ndi za alendo ochuluka amene akweza mitengo ya nyumba mpaka eni mzinda kulephera kulipira. Ngozinso zimagwa. Usiku wa pa 23 Juni 2010, pa siteshoni ya Castelldefels pafupi ndi Barcelona, anthu 12 anafa atagundidwa ndi sitima yapamtunda pamene ankadumpha njanji kuthamangira ku chikondwerero cha kugombe. Paliponse pamene khamu lasonkhana, imfa imakhala pafupi ngati okonza zinthu agona.

Nthungululu si ukwati

Nanga makombolawo ndi chiyani? Chiyambi chake ndi onga umene anthu a ku China anaupeza zaka zoposa 1,000 zapitazo posakaniza makala, sulufule ndi mchere wina wothandiza moto kuyaka msanga. Mitundu imene timachita nayo chidwi imachokera ku michere ya zitsulo: strontium amapereka kufiira, barium kubiriŵira, sodium chikasu, ndipo mkuwa umapereka mtundu wa thambo, umene akatswiri amati ndiwo wovuta kuposa yonse. Amene waima patali amaona kuŵala koyamba, kulira kumabwera pambuyo, monga zimachitikira ndi ching'aning'ani ndi bingu, chifukwa phokoso limatenga masekondi pafupifupi atatu kuyenda kilomita imodzi. Ntchito imene mmisiri waikonza miyezi yambiri imatha munthu asanameze malovu.

Ena amanyoza makombola pa chifukwa chimenechi, namati ndi moto wa mapesi. Ife sitigwirizana nawo kotheratu. Kukongola kosakhalitsa ndi kukongola ndithu. Duŵa la m'tchire limafota tsiku lomwelo, ndipo palibe amene amati likanaleka kuphuka. Munthu sanalengedwe kuti azingolima, kudya ndi kugona. Amafunikanso nthaŵi yokweza maso ndi kutsegula pakamwa modabwa, ndipo wosauka amaifuna nthaŵi imeneyi kuposa wolemera, pakuti masiku ake onse amafanana. Iwo amene amati dziko losauka lisakondwere mpaka litalemera akulamula kuti mibadwo ingapo ife osasekako.

Cholakwa chili pena. Makombola ali ngati nthungululu paukwati. Zimakometsa, ndipo ukwati wopanda nthungululu umakhala wozizira. Koma nthungululu zimamveka bwino chifukwa kumbuyo kwake kuli ankhoswe amene anayenda maulendo, amayi amene anakonola ndi kusinja, anyamata amene anatema nkhuni, ndi mabanja aŵiri amene agwirizana. Munthu atalemba ganyu amayi oti aziimba nthungululu pabwalo popanda mkwati ndi mkwatibwi, tonse tinganene kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ku Alicante makombola amabwera pamapeto pa ntchito ya anthu onse. Tikangotengera makombola okhawo, tatenga nthungululu ndi kusiya ukwati.

Usiku umene mbendera inakwera

Ifenso tinakhalapo ndi usiku umene moto wa m'mlengalenga unali ndi tanthauzo. Pakati pa usiku wa pa 5 Julayi 1964, pa bwalo lalikulu la maseŵera ku Blantyre, limene pambuyo pake linatchedwa Kamuzu Stadium, mbendera ya Britain inatsitsidwa pamaso pa Prince Philip ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo mbendera ya dzuŵa lotuluka inakwera. Makombola amene anaphulika usiku umenewo anali nthungululu zenizeni. Kumbuyo kwake kunali John Chilembwe ndi anzake a mu 1915, kunali anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay ndi kwina mu Malichi 1959, kunali amene anamangidwa ku Kanjedza ndi ku Gwelo, kunalinso alimi ambirimbiri amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ngakhale amene sanafike ku Blantyre, amene anangomvera pa wailesi ya mphunzitsi kapena kuvina pabwalo la mfumu, anadziŵa kuti chikondwererocho chinali chawo.

Koma utsi wa usiku umenewo usanathe bwino m'maganizo a anthu, nduna zinasemphana ndi mtsogoleri wawo. Mu Sepitembala 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo awo, ndipo Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi awo. Kuyambira pamenepo chikondwerero cha dziko chinayamba kusintha nkhope. Akuluakulu ambiri pakati pathu amakumbukira zaka zimenezo ndi chisangalalo, ndipo sitiwatsutsa pa zonse. Kunali dongosolo. Magule a m'maboma onse, ingoma, beni, tchopa, chimtali, mganda ndi gule wamkulu, ankakumana pa bwalo limodzi, ndipo mwana wa ku Kabudula ankadziŵa mmene amavinira a ku Mzimba ndi a ku Mulanje. Chimenecho chinamanga mtundu.

Komatu akuluakulu omwewo amakumbukiranso malole amene ankabwera kudzatenga amayi a mbumba kuti akayeserere nyimbo masiku angapo, kusiya ana ndi makomo awo. Amakumbukira mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama zimene midzi inkasonkhetsedwa monga mphatso, ndi khadi la chipani limene munthu akapanda kukhala nalo sankaloŵa mumsika kapena kukwera basi. Tizidole ta ku Alicante timaseka olamulira. Nyimbo za pa bwalo lathu zinkayenera kutamanda munthu mmodzi, ndipo woyesa kuseka ankadziŵa kumene akagone. Anthu ankavina ndi miyendo yawo, koma guleyo anali ndi mwini wake wina.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinachotsa chikakamizo. Chimene sizinachotse ndi chizoloŵezi. Nsalu yasintha mtundu kangapo, koma kaŵirikaŵiri tsiku la dziko lonse laoneka ngati msonkhano wa chipani chimene chili m'boma pa nthaŵiyo. Anthu amabwera kudzaonerera, akuluakulu amakhala pamthunzi, zolankhula zimatalika, ndipo chikondwerero chonse chimaunjikidwa mumzinda umodzi, m'bwalo limodzi, kuseri kwa mpanda umodzi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumidzi. Bwalo lalikulu kuposa onse m'dziko muno limatenga anthu pafupifupi 40,000. Aliyense angathe kuŵerengera yekha otsala kunja.

Chipata cha pa 6 Julayi 2017

Zimene zimachitika chikondwerero cha mtundu wonse chikaikidwa kuseri kwa chipata tinaziona pafupi pomwe pano. Bingu National Stadium ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, inatsegulidwa mu Januwale 2017. Pa 6 Julayi chaka chomwecho, pokumbukira zaka 53 za ufulu, kunakonzedwa mpira wa ulere pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Anthu anayamba kufika m'mamaŵa, ambiri a iwo ana. Zipata zinachedwa kutsegulidwa ndi maola angapo. Khamu litayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo m'chipwirikiti chimenecho anthu 8 anafa atapondedwa, 7 mwa iwo ana, ndipo ena makumi angapo anavulala nagonekedwa pa chipatala cha Kamuzu Central. Masana ake mpira unaseŵeredwa.

Ena anganene kuti kuimitsa mpirawo kukanabutsa chipwirikiti china, ndipo mwina nzoona. Ife funso lathu lili patsogolo pa pamenepo. Kodi chinadzutsa ana aja tambala asanalire nchiyani? Sanali opulupudza. Anali ana a anthu osauka amene anamva kuti lero, tsiku limodzi lokha pa chaka, chinthu chokongola chimene amangochionera patali chatsegulidwa kwa aliyense. Njala ya chisangalalo ndi njala ndithu, ndipo mwana akaimva amathamanga monga athamangira chakudya. Amene amakonza tsiku lotere ayenera kuidziŵa njala imeneyi ndi kuiopa. Kulengeza kuti zonse ndi zaulere, kenaka kusiya khamu pa chipata chotseka, kuli ngati kuitana mudzi wonse ku phwando nkuika nsima m'nyumba ya khomo limodzi lopapatiza.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana amenewo akanakhala ndi moyo bwenzi lero ali anyamata ndi atsikana aakulu. Chikondwerero chilichonse chimene takonza kuchokera tsiku limenelo chiyenera kuyesedwa ndi muyeso wawo. Tisanafunse kuti kunali kokongola motani, tifunse ngati wamng'ono kuposa onse amene anapitako anabwerera kwa amake.

Bwalo lopanda mpanda

Tsono tibwerere kwathu, tione ngati nzoona kuti kulibe kanthu. Miyezi yomweyi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene a ku Spain amayatsa moto wawo, ng'oma zimalira m'midzi yonse kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma. Ndi nyengo ya maukwati, ya zinamwali, ya ziliza, ya kulonga mafumu. Ntchito ya kumunda yapepuka, chakudya chilipo, mvula kulibe, ndipo mwezi ukakhala pamutu mudzi sugona.

Taganizirani za mganda. Mudzi umodzi ukaitana magulu a midzi ina, kukonzekera kumayamba masabata ambiri tsikulo lisanafike. Anyamata amayeserera madzulo aliwonse, amasonkherana za zovala zofanana, amapeka nyimbo zatsopano zonena zimene zachitika m'deralo. Amayi amatseketsa, kuphika thobwa ndi kukonzekera chimtali chawo. Makomo amagaŵana alendo. Tsikulo likafika palibe tikiti, palibe mpanda, ana amakhala kutsogolo pansi, agogo amapatsidwa mpando, ndipo wovina bwino amafupidwa ndi aliyense amene wakondwa. Kodi komiti ya ku Alicante imachita china choposa ichi? Ndipo tisaiŵale kumene mganda unachokera. Unabadwa potsanzira perete wa asilikali a atsamunda, makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Makolo athu anaona chinthu chachilendo, anachitenga, anasema malipenga a mphonda m'malo mwa amkuwa, naikamo nyimbo zawo ndi nthabwala zawo, mpaka lero palibe amene amati mganda ndi wa Azungu. Choncho mlandu suli pa kuchokera kunja kwa chinthu. Uli pa ichi: kodi chafika m'manja mwa anthu, kapena chikungowadutsa pamutu?

Za gule wamkulu tinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo, pakuti za kudambwe zili ndi eni ake. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ndi kumulemba m'kaundula wake wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2008, m'dzina la Malaŵi, Mozambique ndi Zambia. M'kaundula momwemo mu 2016 munaloŵa Fallas, chikondwerero cha mumzinda wa Valencia chimene amatentha zifanizo mu Malichi, chimene a ku Alicante anatengerako nzeru. Ziŵirizi zili ndi pofanana pamene ambiri sapaona. Zonse zimadzudzula mwa kuseketsa. Chidakwa, waulesi, wachiwerewere, mfumu yadyera, ngakhale Mzungu wofiira nkhope ndi dzuŵa, onse amadziona okha pabwalo, ndipo mudzi umaseka nkumva. Chikondwerero chimene chimalola anthu wamba kuseka amphamvu tsiku limodzi chimachiritsa zilonda zimene zolankhula za akuluakulu sizifika.

Ngakhale msonkhano waukulu wa Acheŵa, Kulamba, umene umachitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndi umboni wa mphamvu yomweyi. Malole ndi mabasi amadutsa pa Namitete kuloŵera ku Mchinji, atanyamula anthu amene asonkherana okha za ulendo kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza, anakhala nawo pa mwambowo. Ndi ulemu waukulu, koma pamenepo mpamene payenera kuchenjera, chifukwa mwambo ukakula andale ndi amalonda amaufuna. Tsiku limene nthaŵi ya zolankhula idzapose nthaŵi ya magule, ndi zikwangwani za makampani kuphimba bwalo, Kulamba kudzakhala kutayamba kudwala nthenda yomwe ija ya pa 6 Julayi.

Litsiro la pabwalo pathu

Tikanakhala osaona bwino tikanati zonse za kumudzi ndi zoyera. Bwalo lathu lilinso ndi litsiro lake, ndipo tilitchule. Chimanga chimene chimathera ku moŵa ndi ku maphwando mu Julayi ndicho chimasoŵa mu Febuluwale, pamene banja limakagula kwa mavenda pa mtengo wokwera chomwe linagulitsa motchipa. Ziliza, zimene zinayamba monga ulemu kwa akufa, m'mabanja ena zasanduka mpikisano wa amoyo, ndipo ngongole yake imatsala ndi ana amasiye. Michezo ya usiku wonse yopanda akulu oyang'anira yachotsa atsikana ambiri pa sukulu. Anyamata ena amabisala m'dzina la gule kuti athamangitse ana a sukulu ndi kulanda apaulendo, zimene mafumu eni ake amadzudzula. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Nawonso makombola afika kale kwathu, koma afika mbali yake yoipa yokha. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano timakombola totchipa timagulitsidwa m'misika ngati maswiti, ndipo ogula ake ambiri ndi ana. Palibe maluŵa a moto, palibe luso, koma phokoso lodzidzimutsa nkhalamba, zala zopsa ndi maso ovulala. Pamsewu anyamata amatentha matayala, kuwononga phula ndi mapapo awo omwe. Apolisi amachenjeza, koma chenjezo lokha silikwanira, chifukwa mwana amene akutentha tayala akunena chinthu choona: akufuna kuona moto ukuŵala usiku pamodzi ndi anzake, ndipo palibe wamkulu amene wamukonzera njira yabwino yochitira zimenezo.

Miyeso inayi

Pa zonse taonazi tikutolapo miyeso inayi imene tingayesere chikondwerero chilichonse, cha boma, cha mpingo kapena cha mudzi. Woyamba: anachikonza ndani? Ngati anthu angoitanidwa kudzaonerera zimene ena anawakonzera ku ofesi, adzabwera ngati khamu, ndipo khamu limakankhana. Ngati aikapo dzanja lawo, adzabwera ngati eni ake, ndipo mwini satentha nyumba yake. Wachiŵiri: analipira ndani, ndipo kodi anauzidwa? Komiti ya mganda imaŵerenga poyera zimene zasonkhedwa ndi zimene zagulidwa. Ndalama za misonkho ziyenera ulemu womwewo. Wachitatu: kodi wotsiriza wa onse, mwana, wolumala, nkhalamba, wa chipani chotsutsa, ali ndi malo? Wachinayi: kutacha patsala chiyani? Ngati patsala ubale, nyimbo yatsopano ndi nkhani zokamba chaka chonse, ndalamazo sizinatayike. Ngati patsala ngongole, mabotolo osweka ndi maliro, ndiye kuti tinapsa ndi moto wathu womwe.

Miyeso imeneyi ikutilozera njira yosavuta. Tsiku la ufulu ligaŵidwe. M'malo mounjika zonse m'bwalo limodzi, gawo la ndalamazo lifike m'maboma ndi kwa mafumu aakulu, kuti kwa Njewa, kwa Kalolo ndi kwa Kabudula magulu a mganda ndi chimtali, makwaya ndi matimu a mpira a m'midzi apikisane pa mabwalo a sukulu, pamene mwana angafike wapansi ndi kubwerera dzuŵa lisanaloŵe. Nsalu za zipani zitsale kunyumba tsiku limenelo, mbendera ikhale imodzi. Ndipo ngati chaka china dziko lingathe kugula makombola, awaphulitse akatswiri, pamalo otakasuka opanda mpanda, atalengeza nthaŵi yake. Chigwa chathu cha Lilongwe ndi chathyathyathya, ndipo usiku wathu ukadali wakuda bii, wosaonongedwa ndi magetsi monga wa mizinda ya ku Ulaya. Moto umodzi wokwera bwino ungaonedwe ndi midzi yambirimbiri nthaŵi imodzi, aliyense ataima pakhomo pake, popanda woponda mnzake.

Dzina la dziko lathu ambiri amalimasulira kuti malaŵi a moto. Makolo amene anatisiyira dzinali ankadziŵa kusunga moto. Ankaukwirira ndi phulusa usiku kuti m'maŵa upezeke, ndipo wa nyumba ina ukazima ankapita kukapala kwa mnzake popanda kulipira. Chikondwerero cha mtundu wotere chiyenera kukhala chotheka kupalidwa, kuchoka ku likulu kufika pa bwalo la nyakwaŵa, mpaka pa khomo la mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi. Julayi akubwerayu, mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko asadikire kalata yochokera ku Capital Hill. Bwalo lilipo, ng'oma zilipo, ana alipo. Chotsala nkukhala pansi mwezi uno ndi kugaŵana ntchito.